Kumata Chubu cha Njinga

Njinga ndiyo galimoto ya pamudzi. Isenza thumba la chimanga kunka kuchigayo, itengera nthochi kumsika, ndipo usiku, munthu akadwala mwadzidzidzi, ndiyo imfikitsa kuchipatala. Siidya udzu monga bulu, siimwa petulo monga galimoto. Koma ingakhale iri yachitsulo, iri ndi malo amodzi ofooka, pakuti iyenda pa mpweya. Ndipo munga umodzi wa mthethe, wosafika ngakhale utali wa chikhadabo, ukhoza kuimitsa ulendo wonse.

Kale njinga zinalibe mpweya m'miyendo mwake. Matayala ake anali a mphira youma gwa, kotero kuti wokwerapo ankamva mwala uliwonse m'mafupa mwake. M'chaka cha 1887 John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wobadwira ku Scotland, amene ankakhala m'mudzi waukulu wa Belfast, anaona mwana wake alikuvutika pa kanjinga ka miyendo itatu. Tsono anapanga thumba lalitali la mphira, nalikuta ndi nsalu yolimba, nalizunguliza pa gudumu, napoperamo mpweya. Ndipo kanjingako kanayenda mofewa ndi mofulumira koposa kale. Munthu wina wa ku Scotland komweko, Robert William Thomson, anali atalingalira nzeru yomweyo m'chaka cha 1845, koma anthu anali ataiwala. Mphirayo poyamba ndi utomoni woyera ngati mkaka, wotuluka pamene achekera khungwa la mtengo wake. Mitengo yotere iliko ndi ku Malawi, m'minda ya Vizara ku Nkhata Bay.

Mwendo wa njinga uli ndi zinthu zitatu zoyenera kuzisiyanitsa. Pakati pali mkombero wachitsulo, umene amisiri autcha limu. Kunja kuli tayala, lochindikala, ndilo likhudza pansi. M'kati mwa tayala mubisala chubu, chopyapyala ndi chofewa, ndicho chisunga mpweya. Mpweyawo ulowera pa kakhomo kotchedwa valavu, kamene kalola mpweya kulowa koma kauletsa kutuluka.

Tayala likaphwa, munthu wanzeru sathamangira kulimasula. Ayamba wapopa, napaka malovu pakamwa pa valavu. Malovuwo akatupa nachita thovu, ndiye kuti chubu chiribe mlandu. Wolakwa ndi valavu, ndipo kawirikawiri kamphira kakang'ono ka m'kati mwake ndiko katha. Anthu ambiri avutika kutulutsa chubu chabwinobwino chifukwa cha kusayamba ndi malovu, amene sagula ndi ndalama.

Valavu ikakhala yabwino, mwini njinga aigadamitsa pamthunzi, chishalo pansi, miyendo m'mwamba. Amasula kanati ka pa valavu, nakaika m'thumba, pakuti kanthu kakang'ono kakagwa mumchenga sikaonekanso. Atatero alowetsa chitsulo chobuntha pansi pa mlomo wa tayala, naukwezera kunja kwa limu, ndi chitsulo china pafupi pake, kufikira mbali imodzi yonse yatuluka. Chogwirira cha supuni yakale chichita bwino ntchito imeneyi. Mpeni ndi msomali siziyenera konse, chifukwa ziboola chubu pamalo pena, ndipo amene anali ndi bowo limodzi akhala nawo awiri.

Chubu chikatuluka, achipopa pang'ono, nachimiza m'beseni la madzi, chigawo ndi chigawo, kuyambira pa valavu kufikira atabwereranso pa valavu pomwepo. Pamene pali bowo patuluka timathovu totsatana ngati mikanda. Apo aikapo chizindikiro ndi choko, kapena atsekapo ndi kachitsotso ka udzu. Koma asaleke pomwepo, apitirire kuzungulira, pakuti munthu woponda minga saponda umodzi wokha.

Tsono ifika ntchito yofuna mtima wodekha. Apukuta chubu kuti chiume, nakwecha pozungulira bowo ndi sandipepala kapena ndi mwala wokhakhala, kufikira kunyezimira kwa mphira kwachoka. Pakuti guluu sagwira posalala, kapena ponyowa, kapena pamene pakhudzidwa ndi chala cha mafuta. Chigamba chikhoza kugulidwa kusitolo, chikhozanso kudulidwa ku chubu chakale. Chodula yekha achidule chobulungira, chopanda ngodya, chifukwa ngodya ndiyo iyamba kumatuka. Ndipo achikweche monga anakwechera chubu. Apaka guluu wochepa ndithu, pa chubu ndi pa chigamba chodulacho, nayala ndi chala choyera. Pamenepo aleke, adikire. Apa ndipo alakwa ana ambiri, ndi akulu omwe: aona guluu ali wamadzi, nayesa kuti ndiyo nthawi yomata. Iai. Guluu wa chubu agwira atauma, pamene waleka kunyezimira ndipo sakakamiranso kuchala. Nthawi yake ndi ngati mphindi 5. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Guluu atauma, aika chigamba pakati penipeni pa bowo, nachitsindika kolimba ndi chala chachikulu, kuyambira pakati kunka m'mbali, kapena achigogoda pang'onopang'ono pa thabwa losalala.

Patsala chinthu chimodzi, ndicho chachikulu koposa zonse. Mnyamata wina anamata chubu cha njinga ya atate wake mwaluso ndithu, nachibwezera, napopa, nakwera kunka kuchigayo ndi thumba pambuyo. Asanaoloke dambo, tayala linaphwanso, ndipo anabwera alikukankha njinga, thukuta liri kamukamu.

"Atate, guluu uja ngwachabe," anatero mnyamatayo.

"Mwanawe, kodi chimene chinaboola chubu unachiona?"

"Iai, Atate, sindinachifune."

"Tabwera nalo tayalalo kuno."

Atate wake anayendetsa zala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala, ndipo posachedwa anapeza kansonga ka munga kali chiimire, kosaoneka kunja konse. Chigamba cha mnyamatayo chinali chogwira bwino. Bowo latsopano linali pambali pake. Chifukwa chake womata chubu ayenera kufufuza m'kati mwa tayala monse asanabwezere kanthu, ndipo afufuze mosamala, pakuti nthawi zina chobisalamo ndi kagalasi kocheka chala.

Bowo lenilenilo limanena chimene chinalipanga, kwa iye wodziwa kuliwerenga. Likakhala kunja, kumbali yoyang'ana pansi, ndi munga kapena msomali. Likakhala m'kati, kumbali yoyang'ana limu, ndiye kuti mutu wa sipoko watulukira nulasa chubu, chifukwa lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko waduka kapena wasendera pambali. Koma akapezeka mabowo awiri oyandikana, onga poluma njoka, mlandu ngwa mwini njinga: anayenda ndi mpweya wochepa, ndi katundu wolemera, ndipo pogunda mwala chubu chinapanikizika pakati pa mwalawo ndi limu. Tayala lopopedwa bwino silibonyoka polisindikiza ndi chala.

Pobwezera, ayamba kulowetsa valavu m'bowo lake la pa limu, napopa pang'ono pokha kuti chubu chisapindike, nachilonga m'tayala. Mlomo wa tayala aubwezera ndi manja, osati ndi chitsulo, nayang'anira kuti chubu chisapanidwe pansi pake. Ndipo apopa kufikira tayala lalimba.

Tayala likaphwera panjira, kutali ndi guluu, ena amanga chubu ndi kalamba ka mphira uku ndi uku kwa bowo, ena atulutsa chubu nalonga udzu wouma m'tayala. Nzeru zimenezi zifikitsa munthu kwao, koma si za masiku awiri. Chosayenera ndicho kukwera njinga tayala liri lophwa, pakuti limu idula tayala, ing'amba chubu, nipindika yokha pa miyala. Ndipo mtengo wa zitatuzi upambana kutali mtengo wa kachigamba kamodzi.

Njinga ikali chigadamire, nkwabwino kuonanso unyolo wake, umene ambiri autcha tcheni. Aupukuta ndi kansanza kuchotsa fumbi, nadontheza mafuta a makina pang'ono pa mfundo zake, alikuzunguza pedulo ndi dzanja. Mafuta ophikira sayenera, chifukwa auma nachita ulimbo wokoka mchenga. Ndipo asamale kuti dontho lisagwere pa tayala kapena pa limu: mafuta afewetsa mphira naiononga, ndipo limu ya mafuta iterera pa mabuleki, kotero kuti pamtsetse njinga ikana kuima.