Wokwera ndi kavalo, onse ndi ophunzira

Anthu a ku Wenya, m'dera la Mfumu Mwenewenya ku Chitipa, amakhala pafupi ndi mapiri a Nyika, omwe boma lidawasandutsa malo osungirako nyama zakutchire m'chaka cha 1965. Pamwamba pa mapiriwa, ku Chelinda, kunkasungidwa akavalo m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, ndipo alendo ankawakwera pokaona mbidzi ndi ntchefu. Akavalo ankakhala bwino kumeneko chifukwa malowo ndi okwera mamita oposa 2,000, ngozizira, ndiponso kulibe kashembe, ntchentche yofalitsa matenda opha ziweto m'madera otentha.

Kavalo aliyense amene ankanyamula mlendo modekha, tsiku lina adali mwana wosadziwa chingwe. Lero, abale ndi alongo, tiyeni tilingalire za munthu amene sadazolowere kukwera, koma wapatsidwa kavalo amene nayenso sadakweredwepo. Awiriwa onse ndi ophunzira, ndipo pakasowa wowalangiza, mmodzi amavulala pamene winayo amawonongeka khalidwe.

Kavalo ndi nyama yamantha. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, kotero saona chimene chaima kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo mukamudzera kumeneko mwadzidzidzi amaponya mwendo. Si mwano ayi, ndi mantha. Nchifukwa chake odziwa ntchitoyi sathamangira kukwera pamsana. Amadikira kuti kavalo afike zaka 3 kapena 4, mafupa akhwime. Amayamba kumutsogolera ali pansi, kenaka amamuzungulitsa pa chingwe chachitali kufikira atazolowera mawu oti ayende kapena aime. Chishalo chimabwera pambuyo, munthu nkudzakwera kumapeto. Phunziro la tsiku limakhala lalifupi, ndipo amalimaliza pamene kavalo wachita bwino. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chinsinsi chachikulu chili m'dzanja la wokwera. Kachitsulo komangirira zingwe kamakhala m'kamwa mwa kavalo, pa nkhama pomwe palibe mano, ndipo pamenepo pamapweteka msanga. Kavalo saphunzira pamene akukokedwa. Amaphunzira pamene dzanja lamasula chingwe iye atangomvera. Tsono wokwera wachilendo akachita mantha amagwiritsa zingwe kuti asagwe, uku miyendo yake ikufinya nthiti za kavalo. Manja akuti ima, miyendo ikuti thamanga. Kavalo akasokonezeka nayamba kudumpha, munthu uja amatenga chikoti nkumati chiwetocho nchosamva.

Apa ndi pamene pamafunika mphunzitsi woima pambali. Iye amaona zimene wokwera sangazione yekha: msana wopindika, dzanja lolemera, mpweya wobanika. Nthawi zambiri amayamba wamukweza wophunzirayo pa kavalo wamkulu, wofatsa, kuti adziwe kukhala bwino pachishalo asadabwerere kwa wamng'ono uja. Chodabwitsa nchakuti munthu akasintha, kavalo nayenso amasintha, ngakhale kuti palibe wamukhudza.

Alimi a ku Wenya ndi ku Nthalire nzeru imeneyi amaidziwa, ngakhale ambiri sadakwerepo kavalo. Pophunzitsa ng'ombe yaing'ono kukoka ngolo kapena pulawo, amaimanga goli limodzi ndi ng'ombe yozolowera, ndipo imayamba ndi kukoka chipika chopepuka. Mnyamata woyamba kugwira pulawo samusiya yekha m'munda ndi ng'ombe zachilendo. Bambo kapena malume ake amayenda pambali pake. Ng'ombe imene idamenyedwa mopitirira muyeso pophunzira imathawa goli moyo wake wonse, ndipo banja limataya chuma pamodzi ndi nyengo yolima.

Nanga m'makomo mwathu zili bwanji? Palibe wa ife amene adabadwa akudziwa kulera. Mwana woyamba amapeza makolo amene nawonso akuphunzira. Chimodzimodzi mphunzitsi watsopano m'kalasi, ngakhalenso mtsogoleri wa achinyamata amene wangosankhidwa kumene. Timauza mwana kuti asamaname, mawa lake nkumutuma kukauza wangongole kuti tachokapo. Timamudzudzula akalakwa, koma akachita bwino timangokhala chete, osamasula chingwe. Akayamba kutithawa, timati ana a masiku ano ngosamva.

Tisachite manyazi kufunsa kwa amene adayamba kuona dzuwa, pakuti safunsa adadya phula. Tipemphe agogo, ankhoswe kapena mnansi wokhwima nzeru kuti atiuze mosabisa pamene dzanja lathu likulemera. Ndipo tisadatenge chikoti sabata ino, tiyambe tadzifunsa: kodi mwanayu wakanadi kumvera, kapena ndife amene tamuuza zinthu ziwiri zosemphana nthawi imodzi?