Bwanji mwamuna amakwatira koma mkazi amakwatiwa?

Pamsika wa Tsangano, m'malire a Malawi ndi Mozambique, mbatata ya kachewere ndi kabichi zimagulitsidwa m'zilankhulo ziwiri. Wogula wochokera tsidya linalo akafuna kuthokoza m'Chipwitikizi amayamba wadzidziwa kuti ndi ndani: mwamuna amati obrigado, mkazi amati obrigada. Mnzake wa kuno amangoti zikomo, kaya wavala chitenje kaya buluku.

Ichi n'chimodzi mwa zinthu zomwe akatswiri a zilankhulo amachita nazo chidwi. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'malamulo ake. Mawu akuti iye amaimira onse, pomwe Chingerezi chili ndi he ndi she, Chipwitikizi ele ndi ela. Mfumu ndi mfumu, mphunzitsi ndi mphunzitsi. Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 sipanafunike kupeka mawu atsopano, adangokhala mtsogoleri wa dziko monga anzake onse.

Komatu nkhani siithera pamenepo. Zomwe malamulo a chilankhulo adasiya osagawa, pakamwa pa anthu padagawa.

Tengani nkhani ya banja. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Kusiyana kwake n'kofanana ndi kwa kugula ndi kugulidwa, kutenga ndi kutengedwa: wina ndi wochita, wina ndi wochitidwa. Mnyamata atanena pagulu kuti "ndakwatiwa", anzake angamuseke chaka chathunthu. Chodabwitsa n'chakuti m'midzi yambiri ya Ntcheu momwe muli chikamwini, mwamunayo ndiye amasamuka kwawo n'kukamanga nyumba pamudzi pa mkazi, n'kumalima munda wa kuchikazi. Banja likatha, wonyamula katundu ndi iyeyo. Koma pakamwa amakhalabe wokwatira.

Maina nawo ali ndi nkhani yawo. Mwamuna amatchulidwa ndi mfunda wake, a Jere, a Maseko, a Phiri. Mlongo wake amawonjezeredwa kachidutswa kutsogolo: NaJere, NaMaseko, NaPhiri. Ena amati ichi n'chizindikiro choti dzina lenileni ndi la mwamuna. Koma tisafulumire, pakuti kachidutswa komweko kamasunga mayi ku mtundu wake. NaJere akakwatiwa kwa a Phiri amakhalabe NaJere mpaka kumanda. Mwambo woti mkazi ataye dzina la kwawo n'kukhala Mrs Phiri udabwera ndi azungu, osati makolo.

Pa chibale ndiye pali zokoma. Mawu akale akuti mlongo sanena kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Mlongo wa mwamuna ndi wamkazi, mlongo wa mkazi ndi wamwamuna. Akakhala amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, chofunika ndi kubadwa: mkulu ndi mng'ono. Achimwene ndi achemwali, omwe ana a masiku ano adazolowera, adachokera ku Chiyao. Malume adabwera ndi Angoni, ndipo kumasulira kwake ndi mayi wamwamuna.

Angoni a Maseko, omwe likulu la ufumu wawo lili ku Lizulu, adachokera kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800. Kumeneko, pakati pa Azulu ndi Axhosa, kuli mwambo wotchedwa hlonipha. Mkazi wokwatiwa saloledwa kutchula dzina la apongozi ake aamuna, ngakhalenso mawu wamba okhala ndi kachigawo ka dzinalo. Amayenera kufuna mawu ena kapena kupotoza omwewo. Katswiri wina wa ku South Africa, Rosalie Finlayson, adafufuza mwambowu kwa zaka zambiri pakati pa Axhosa, ndipo adapeza kuti ukuchepa mphamvu m'matauni.

Fanizirani ndi kuno. Pa chikamwini, wopatuka m'njira akaona apongozi aakazi akubwera ndi mkamwini. Wolankhula motsitsa mawu, wokhala patali, woopa kudya pamaso pa apongozi ndi mwamuna. Pa chitengwa, mtolo womwewo umagwera mtengwa. Zikuoneka kuti wosamala lilime kwambiri ndi yemwe ali mlendo pamudzi, ndipo mlendoyo akhoza kukhala mkazi kapena mwamuna malinga ndi mwambo wa malowo.

Kafukufuku wa kunja amagwirizana ndi ganizoli. Mu 1975, Robin Lakoff wa ku America adatulutsa buku lotchedwa Language and Woman's Place. Iye adati amayi a kwawoko amaphunzitsidwa kulankhula mofatsa, mozungulira ndi mokayikira, kenaka n'kumanyozedwa kuti sadziwa chomwe akufuna. Ambiri adaganiza kuti umo ndi momwe akazi adalengedwera.

Koma mu 1974 Elinor Keenan, yemwe pambuyo pake adadziwika ndi dzina la Elinor Ochs, adali atalemba zosiyana ndi izi kuchokera m'mudzi wina ku Madagascar. Kumeneko ozungulira polankhula ndi amuna. Mwamuna waulemu sadzudzula mnzake pamaso, amadzera m'miyambi. Olankhula mosapsatira ndi amayi: ndiwo amanenerera mitengo pamsika, ndiwo amakalipira wolakwa, ndipo amuna amawatuma kukanena mawu owawa omwe iwo sangathe. Nanga aluso pakulankhula amati ndani? Amuna omwewo.

Ku America mkazi adachepetsedwa chifukwa chozungulira. Ku Madagascar adachepetsedwa chifukwa cholunjika. Vuto silinali kalankhulidwe.

Aliyense amene adaonapo mayi wa ku Tsangano akukana mtengo wa mavenda ochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe sangakhulupirire zoti akazi adabadwa amanyazi. Thumba silikwera galimoto mayiyo asanakhutire. Koma mayi yemweyo akafika pabwalo la milandu amakhala pansi kumbali ya amayi, ndipo pa nkhani ya banja womuyankhulira amakhala ankhoswe. Mwa chikhalidwe, iye ndi mbumba ya mlongo wake kapena malume ake. Dr Hastings Kamuzu Banda adaidziwa mphamvu ya mawu amenewa: adadzitcha nkhoswe, amayi onse a m'dziko muno n'kukhala mbumba yake, yomuvinira pamisonkhano.

Mawu akuti kukwatiwa amalemera kwambiri akagwera mwana. Makolo samati mtsikana wasankha banja, amati tamukwatitsa. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loti munthu alowe m'banja atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kutseka mpata womwe unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Lamulolo limafuna kuti onse awiri avomere okha. Chichewa chili nawo kale mawu a zimenezo, kukwatirana, ngakhale pachinkhoswe samveka kawirikawiri.