Mphatso kapena zinyalala? Zonyamula mukapita kukathandiza ku Mpanshya

Caka cikayamba kupita kumapeto, magulu a pa WhatsApp amadzuka. Kwaya ya ku chalichi, anzanu a ku nchito, a cilimba, olo aja munamaliza nawo Giledi 12, onse nkhani imakhala imodzi: tisonkhe tikaone ovutika. Maganizo ni abwino, palibe angatsutse. Vuto imayamba tsiku lopakila katundu.

Ine nilemba pano ninacitapo manyazi. Gulu lathu la acinyamata mu komboni linasonkha masaka asanu, ndipo tinali kuyenda monyada monga tagula basi. Usiku wakuti mawa ni ulendo, amayi ena acikulile a ku chalichi kwathu anati timasule masaka aone. Munatuluka nsapato za gogoda, zina mbali imodzi cabe, suti ya ukwati yopanda zipi, ketulo ya malaiti yopanda nthambo, na mabisiketi amene deti yake inapita kale-kale. Zinthu zakuti munthu angasewenzetse zinakwana mu katoni imodzi. Ndalama imene tinalipila mwine wa Canter inaposa mtengo wa katundu yense. Kunena zoona sitinali kupeleka thandizo. Tinali kusesa mu mawadilopu.

Mpanshya ili m'boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2012. Kucoka mu Lusaka ni makilomita pafupi-fupi 200 pa Great East Road: mupitilila Chongwe, madzi otentha a pa Chinyunyu na Rufunsa, n'kupatuka musanafike pa mlatho wa Luangwa. Ni dziko la Asoli, pansi pa mfumu Mpanshya. Kumeneko kuli cipatala ca mishoni ya Akatolika ca St Luke's, sukulu ya manesi imene bungwe la ku Switzerland la SolidarMed lakhala likuthandizila, na malo osungilako okalamba a Mulele. Kuzungulila ponsepo ni midzi ya alimi odalila mvula, ina ili kutali m'mapili. Munthu akagonekedwa m'cipatala sabwela yekha. Amabwela na wom'dwazika, kambili mayi kapena ambuya, amene afunika kudya, kusamba na kuchapa kwa masabata, munda atausiya.

Ku maiko ena kuli nkhokwe za cakudya zochedwa food bank. Yoyamba anaitsegula John van Hengel ku Phoenix, ku America, mu 1967, potolela cakudya cabwino cimene mashopu anali kufuna kutaya. Kuno kwathu nchito imeneyo kambili imagwilidwa na machalichi, magulu monga St Vincent de Paul na Caritas Zambia, ndipo pa tsoka lalikulu boma limapitila mu DMMU. Koma funso ni imodzi kulikonse: cimene mwabweletsa cidzalowa mu poto kapena cidzangodya malo mu stolu?

Aliyense amathamangila unga, ndipo m'caka ca njala palibe coposa unga. Kumbukani 2024. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse, maboma 84 pa 116 atakhudzidwa, cimanga ca mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni citapsa m'minda. Mu tauni thumba la 25kg linapitilila K300. Caka cotelo, nyamulani unga osafunsa kawili. Koma caka cakuti mvula inagwa bwino, kunyamula unga kucoka mu Lusaka kupita kwa alimi a cimanga ni kutaya ndalama ya mafuta. Unga ni wolema, ndipo ukakhala miyezi ingapo umagwidwa anankafumbwe na kuyamba kuwawa. Ndalama imodzi-modziyo ingagule cimanga kwa mlimi wa komweko, n'kukagayitsa pa cigayo ca pafupi. Apo mwathandiza anthu atatu pa ulendo umodzi.

Cimene cimasowa kwambili pa mbale ya kumudzi si nsima. Ni cotsatila nsima. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia ni opinimbila, ndiye kuti msinkhu wawo sugwilizana na zaka. Mwana wotelo angakhale kuti amakhuta tsiku lililonse, koma amakhuta phala la madzi na mcele. Manje apa m'pamene ndalama yanu ya pa Soweto Market ingagwile nchito: saladi, nyemba, kapenta, nshawa, tusoya, mkaka wa paunga, mcele na shuga. Supuni imodzi ya saladi na ya nsinjilo m'phala la mwana imasintha cakudya conse. Shuga wa m'mapaketi wa kuno amaikamo vitamini A, mcele nawo uli na ayodini, conco gulani za m'mapaketi otseka, osati zopimidwa poyela.

Ine pa zonsezi nimavotela tusoya, olo mu tauni ena amatunyoza kuti ni nyama ya ma lova. Situlema, situwola, tumapsa mphindi zocepa, ndipo ambuya opanda mano amatafuna bwino-bwino. Nyemba ni zabwino koma zimadya nkhuni maola awili kapena atatu, ndipo wodwazika amene aphikila pa mafuwa kuseli kwa cipatala nkhunizo amacita kugula kapena kukatola. Saladi gulani mabotolo ang'ono-ang'ono m'malo mwa cigubu cimodzi ca malita 20. Cigubu cimavuta kugawa, ndipo mikangano yambili ya pogawa imayambila pamenepo. Kapenta ikhale youma gwa, yopanda mcenga.

Pa nshawa na cimanga samalani. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo Elijah Muchima inalengeza kuti agalu pafupi-fupi 400 anafa, ndipo unga wina unapezeka na poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amacokela ku nkhungu imene imamela pa mbewu zosauma bwino. Amawononga ciwindi, ndipo kuphika sikumucotsa. Nshawa zofota, zakuda kapena zonunkha cinyontho, olo wogulitsa akucotseleni mtengo bwanji, zisiyeni. Za m'zitini nazo onani deti, ndipo citini cotupa kapena ca dzimbili cisakwele motoka.

Pali zinthu ziwili zimene anthu amapeleka na mtima wabwino koma zingapweteke. Coyamba ni mkaka wa m'zitini wa makanda. Mayi akayamba kupatsa khanda mkaka umenewu, wa m'mawele umacepa. Citini cikatha pakapita sabata, ndalama yogulila cina kulibe, ndipo ngati madzi osungunulila si owilitsa, mwana amayamba kutsegula m'mimba. Pelekani cabe ngati a zaumoyo apempha, ndipo mupeleke m'manja mwawo. Caciwili ni mankhwala otsala kunyumba. Mapilitsi a BP amene atate anasiya si mphatso.

Za kunja kwa poto anthu amaziiwala, koma n'zimene zimayamba kutha. Sopo wosambila, sopo wochapila, Boom, klorini wothila m'madzi akumwa, baketi ya civinikilo. Amene tinali mu Lusaka kucokela mu October 2023 sitifunika kuuzidwa kuti kolela ni ciani: anthu oposa 700 anamwalila m'dziko, Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anatsegula mocedwa mu February. Botolo ya klorini ni yochipa. Citenge naco musacipeputse. Cimodzi-modzico ni covala, ni mbeleko, ni thewela, ni cofunda ca wodwazika wogona pansi. Mayi woyembekezela amene wabwela kudzadikilila pafupi na cipatala amafuna vitenge vingapo, osati cimodzi. Okalamba afuna mabulangeti na majuzi June asanafike, Vaseline wa khungu, na ka nyale ka sola kopitila panja usiku.

Anyamata, apa musayang'ane kumbali: mapadi. Mtsikana wopanda mapadi amajomba kusukulu masiku angapo mwezi ulionse, ndipo palibe amakamba. Ochapa n'kusewenzetsanso ndiwo amakhalitsa, maka-maka mukaikapo sopo na makabudula a mkati atsopano. Nabweleza, atsopano. Zamkati zovalidwa kale olo pa salaula n'zoletsedwa. Kucokela mu January 2022 sukulu za boma n'zaulele, koma mabuku olembamo, mabopeni, yunifomu na nsapato makolo amagula okha. Pa zovala zina zonse muyeso ni wapafupi: ngati simungapatse mng'ono wanu kuti avale ku chalichi, musaike m'thumba. Chapani, pindani, lembani pa katoni kuti ni za ana, za azimayi kapena za azibambo. Nsapato zikhale zafulati, zomangidwa ziwili-ziwili.

Musananyamuke, tumani foni. Funsani oyang'anila malo amene mupitako kuti mwezi uno casowa n'ciani, cifukwa mwina gulu lina langosiya masaka a shuga pamene sopo kulibe. Ngati mupita m'mudzi, yambani mwaonekela kwa a nduna a mudzi na komiti ya chalichi kapena ya sukulu, amene adziwa nyumba imene ili na ana amasiye na imene ilibe. Mukangoimika motoka n'kuyamba kuponya katundu, amphamvu ndiwo amatenga, nkhalamba imabwelela cimanjamanja. Mukasankha kutuma ndalama pa Airtel Money kapena MoMo, tumani ku nambala ya bungwe imene mwaitsimikiza, ndipo pemphani lisiti. Za mafoto, pemphani cilolezo. Ambuya ogwila ka botolo ka saladi pakati pa anthu khumi ovala mateesheti ofanana si cithunzi cimene imwe mungakonde kuti amayi anu aonekemo pa Facebook.

Nthawi nayo ni nkhani. Aliyense amafuna kupita pa Khisimasi, ndipo masitolu amadzala mu December. Koma njala ya kumudzi imaluma mu January na February, nkhokwe zitatha, cimanga ca m'munda cisanakhwime, malungo ali pakati. Gulu lanzelu lingagawe zosonkha pawili, zina n'kusunga mpaka sukulu zitatsegula.

Nanga amene m'thumba muli mphepo cabe? Great East Road ni msewu wa mabasi a ku Chipata na mathilaki a ku Malawi na Mozambique, ndipo ngozi zikacitika kumapili a kufupi na Luangwa, ovulala ambili amathamangila nawo ku St Luke's. Kumeneko, monga m'cipatala ciliconse, ovulala na azimayi otaya magazi pobeleka amadalila magazi amene wina anapeleka. A Zambia National Blood Transfusion Service amalandila opeleka magazi pa UTH, ndipo amayendanso m'masukulu na m'machalichi. Amayamba akupimani kuti aone ngati thupi lanu lingakwanitse, amatenga osakwana hafu ya lita, mukapumulako pang'ono mwakwela minibasi kubwelela ku nchito.