Kodi mumadziwa kuti ku Joni n'kufupi kuposa ku Lumbadzi?

Munthu wochokera pa Dwangwa amatha nthawi yaitali pamsewu kuti akafike pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kuposa imene amatha m'ndege yochoka pabwalopo kukatera ku Johannesburg.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 mukadzera mumlengalenga. Ndege yosaima panjira imatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperapo. Wotchi simusintha n'komwe, poti nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi.

Pamsewu, kuchoka m'minda ya nzimbe ya pa Dwangwa kudzera pa Nkhotakota, Benga ndi Salima mpaka Lilongwe sipakwana makilomita 300, koma ulendowu umadya maola anayi kapena kuposerapo. Minibasi imayamba yadikira kuti idzaze, kenako imaima pasiteji iliyonse, wina akutsitsa thumba la mpunga, wina akukweza dengu la usipa. Nyengo ya dzinja msewu wa M5 ukakumbika, nthawi imawonjezekanso.

Koma ndege ikakwera m'mwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndipo njira yake ndi yolunjika.

Ngakhale zili choncho, abale athu ambiri opita kuganyu ku Joni amakwera basi chifukwa tikiti ya ndege ndi yodula. Amatulukira pa Dedza, nadutsa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo amagonera m'njira asanafike.