Kalembedwe ka Liwiro ndi Mtunda wa Wi-Fi ya M'nyumba

Olemba ambiri akamafotokoza za Wi-Fi amangokopera nambala imene ili pakatoni ya rauta, kabokosi kofalitsa mafunde kaja, ndi kuitcha "liwiro la intaneti". Kalembedwe kotere kamasokeretsa owerenga, ndipo ena amataya ndalama pogula chipangizo chosathetsa vuto lawo. Pali mfundo zitatu zofunika kuzisamala.

1. Liwiro lolembedwa ndi liwiro lenileni

Nambala ya pakatoni itchedwe liwiro lolembedwa. Mwachitsanzo, muyezo wa 802.11g, umene bungwe la IEEE lidavomereza m'chaka cha 2003, umalembedwa kuti 54 Mbps, koma liwiro limene munthu amalandira ndi pafupifupi theka lake. Nthawi ina imathera pa mauthenga otsimikizira kuti zotumizidwa zafika ndiponso pa kutumizanso zimene zatayika m'njira. Komanso zipangizo zimasinthana pogwiritsa ntchito njira imodzi ya mafunde, monga anthu otunga madzi pamjigo umodzi: zikachuluka, gawo la chilichonse limachepa. Limeneli ndilo liwiro lenileni. Rauta siingapitirirenso liwiro limene kampani yopereka intaneti yagulitsa kwa mwini nyumba.

2. Mtunda

Mawu akuti mtunda aimire kutalika kwa pamene mafunde amafika. Marauta ambiri amagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amafika patali ndipo amadutsa bwino m'makoma, koma amasokonezedwa ndi Bluetooth, uvuni ya maikulowevu ndi marauta a m'nyumba zoyandikana. Achiwiriwo ali ndi liwiro lalikulu koma amafooka msanga. Makoma a njerwa kapena a konkire, malata ndi thanki ya madzi zimafooketsa mafunde, ndipo mafunde akafooka liwiro nalo limatsika. Motero wolemba akatchula mamita, anene ngati ndi a panja poyera kapena a m'kati mwa nyumba.

3. Zilembo

Chilembo chaching'ono b chimaimira biti, pamene chachikulu B chimaimira baiti. Baiti imodzi ndi mabiti 8. Choncho 40 Mbps ndi 5 MB pa sekondi, ndipo fayilo ya 100 MB singatsike m'masekondi ochepera 20. Mkonzi wosintha b kukhala B wachulukitsa liwiro kasanu ndi katatu. Mawu akuti biti, baiti ndi rauta alembedwe m'Chichewa, koma zizindikiro Mbps, MB ndi GHz zisasinthidwe. Dzina lakuti Wi-Fi, limene lidayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1999, ndi lamalonda, kotero lilembedwe monga eni ake amalilembera.

Cholakwika: Rauta iyi imapereka intaneti ya 300 MBps nyumba yonse.

Cholondola: Liwiro lolembedwa la rauta iyi ndi 300 Mbps, lenileni limachepa munthu akamatalikira.