Mphuno Yotsekeka ndi Chizungulire: Zochita Pakhomo, ndi Nthawi Yothamangira Kuchipatala

Chaka chilichonse pa msonkhano wa misasa, ine ndi anzanga a zaumoyo timaika tebulo pansi pa mtengo, pamodzi ndi sikelo ndi makina oyezera BP. Madandaulo amene timamva kwambiri pa tebulopo ndi awiri. Wina amati mphuno yatsekeka ndipo mutu ukulemera, wina amati akaimirira m'maso mukuchita mdima. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amafika atamwa kale makapusozi ogula pa golosale, ena atatu, ena anayi, monga mwa ndalama imene inali m'thumba.

Tiyambe ndi mphuno. M'mafupa a nkhope yathu muli timphako tokhala ndi mpweya: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso ndi kuseri kwa mphuno. Achipatala amatitcha masainasi. Timphakoti timatulutsa mamina amene amatsikira m'mphuno kudzera m'tinjira tating'ono kwambiri. Chimfine, fumbi kapena utsi zikatupitsa m'kati mwa mphuno, tinjirato timatsekeka ndipo mamina amasowa potulukira. Ndiye chifukwa chake nkhope imawawa mukawerama kuti mumange nsapato, nthawi zina ngakhale mano akumwamba amaphwanya. Ganizirani za mphepo ya mu Ogasiti, fumbi la pabwalo la msonkhano, kugona m'zisakasa zaudzu ndi utsi wa nkhuni, muona chifukwa chake tebulo lathu silisowa anthu.

Kawirikawiri vutoli limayamba ndi mavairasi, ndipo mankhwala onga amoxicillin sapha mavairasi. Kumwa makapusozi atatu sikuchiza kanthu, koma kumathandiza tizilombo tina m'thupi kuzolowera mankhwalawo, kotero kuti tsiku limene mudzawafunadi, mwina pa chibayo, sadzagwira bwino ntchito. Thupi limathana nalo lokha vutoli m'sabata imodzi kapena ziwiri. Ntchito yathu ndi kutsegula njira ya mamina.

Chimene ndachiona chikuthandiza koposa ndi madzi amchere. Wiritsani madzi theka la lita, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda chabe, kenaka musungunulemo mchere supuni yaing'ono imodzi yosasefukira. Sambani m'manja ndi sopo, thirani madzi pang'ono pachikhatho, muwakokere m'mphuno imodzi uku mwatseka inayo, ndipo muwalole atuluke. Chitani chimodzimodzi mbali inayo, kawiri kapena katatu pa tsiku. Madziwo akhale owiritsa ndithu, osati otunga kumene pachitsime, ndipo tsiku lililonse mupange atsopano. Poyamba zimanyansa, sindibisa, koma mpweya ukayamba kudutsa mudzaiwala zonsezo.

Kuthowa pamasaya ndi pamphumi ndi kansalu kofunda kumachepetsa ululu. Imwani madzi ambiri kuti mamina asalimbe, ndipo pogona ikani mutu pamwamba pang'ono. Za kufunda bulangete pa beseni la madzi otentha a masamba a bulugamu, akuluakulu ambiri amati amapezako bwino, koma kwa ana ayi: beseni likagubuduka, chilonda chamoto chimaposa chimfine chija kutalitali. Mankhwala odonthezera m'mphuno ogula ku famase musawagwiritse ntchito kupitirira masiku asanu, chifukwa akapitirira amatsekanso mphuno yomweyo.

Pitani kuchipatala ngati padutsa masiku 10 osasintha, ngati munayamba kuchira kenaka mwadwalanso kwambiri, ngati thupi latentha kwambiri, kapena khosi lauma. Diso likatupa kapena mukayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, musadikire kuti kuche.

Chizungulire n'chovutirapo, chifukwa liwu limodzi lomwelo limatanthauza zinthu zosiyana. Ndimayamba ndi kufunsa kuti: kodi mukumva ngati mukomoka, kapena nyumba ikuzungulira?

Kumva ngati mukomoka poimirira kumachitika chifukwa magazi amatsikira kumiyendo, ndipo kwa kanthawi ochepa okha ndiwo amafika ku ubongo. Zimakula ngati m'thupi mulibe madzi okwanira kapena m'mimba mulibe kanthu. Pa Sabata ndimaziona kawirikawiri. Mayi wadzuka m'mamawa, wasambitsa ana, wayenda mtunda wautali osadya kanthu, wakhala pabenchi maola atatu m'kachisi wa malata, kenaka tonse tiimirire nyimbo yotsekera. Kadzutsa wabwino ndi botolo la madzi m'chikwama zimathetsa zambiri. Podzuka pa mphasa kapena pabedi, yambani mwakhala pansi kanthawi, mugwedeze mapazi, ndiyeno muimirire. Amene amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, akamamva chizungulire auze adokotala awo kuti aone muyezo wa mankhwalawo, koma asasiye okha. Chizungulire cha masiku ambiri chokhala ndi kufooka, mtima kugunda mofulumira ndi zikhatho zoyera chingakhale kuchepa kwa magazi, makamaka kwa amayi otaya magazi ambiri akamasamba. Chikabwera ndi kutentha thupi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Nyumba ikamazungulira mukatembenuka pogona kapena mukayang'ana kumwamba, n'kusiya pasanathe mphindi imodzi, kawirikawiri gwero lake lili m'kati mwa khutu, momwe muli tiziwalo totithandiza kuima osagwa. Zimaopsa koma zimachizika, nthawi zambiri ndi njira yotembenuza mutu imene achipatala amaidziwa. Pamene mukudikira, musakwere padenga kapena panjinga.

Pali chinthu china chimene timachiiwala m'nyengo yozizira. Makala oyaka pa mbaula amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha. Anthu a m'nyumba imodzi akadzuka onse mutu ukuwawa, ali ndi chizungulire ndi nseru, tulukani panja msanga ndipo mupite kuchipatala. Mbaula isagone m'chipinda chotseka.

Zizindikiro izi si za madzi amchere kapena kupuma: pakamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, kuyenda modzandira, kupweteka pachifuwa. Zimenezi zingakhale sitiroko kapena vuto la mtima, ndipo ola lililonse ndi lofunika. Mayi woyembekezera amene mutu ukumuwawa kwambiri, m'maso mukuchita nyenyezi ndipo nkhope yatupa, naye apite nthawi yomweyo.

Munthu akagwa m'kachisi, musamuunjirire. Mugonekeni chagada pamalo pamphepo, mukweze miyendo yake pa benchi kapena pa chikwama, mumasule tayi kapena lamba. Musamuthire madzi m'kamwa asanatsitsimuke, angatsamwe. Akatsegula maso, apume kaye mphindi zingapo asanadzuke, kenaka mum'patse madzi ndi kachakudya. Ngati padutsa mphindi imodzi kapena ziwiri asanatsitsimuke, mugonekeni cham'mbali ndipo wina athamangire galimoto.