Ku CAF amalowera makomo awiri: ulendo wa timu ya ku Machinga ungayende bwanji?

Pa Liwonde, pa Ntaja ngakhale pa Ulongwe, mwini nyumba yoonetsera mpira akangolemba pa bolodi kuti lero kuli Simba kapena Yanga, mabenchi amadzadza masewero asanayambe. Nthawi yopumulira ikakwana, mkangano wake sukhala wachilendo. Zimatheka bwanji kuti dziko la Tanzania, loyandikana nalo lomweli, lizitumiza matimu anayi ku mipikisano ya CAF pamene ife timatumiza awiri, chaka china imodzi, chaka china osatumiza n'komwe? Ena amaloza chala ku Cairo, komwe kuli likulu la bungweli, ati kumeneko n'kokondera. Koma nkhaniyi ili m'malamulo, ndipo malamulowo ndi a masamu.

CAF ili ndi mipikisano ikuluikulu iwiri ya matimu a abambo. Wamkulu ndi Champions League, womwe udayamba mu 1964 ndipo udatenga dzina lomwe uli nalo lero mu 1997. Wachiwiri ndi Confederation Cup, womwe udabadwa mu 2004 ataphatikiza zikho ziwiri zakale. Dziko lililonse lili ndi mpando umodzi ku mpikisano uliwonse: akatswiri a ligi amapita ku Champions League, otenga chikho cha dziko n'kupita ku Confederation Cup. Maiko 12 okha omwe matimu awo achita bwino m'zaka zisanu zapitazo ndiwo amapatsidwa mipando iwiri uku ndi iwiri uko. Tanzania ili m'gulu limenelo, pamodzi ndi Egypt, Morocco, South Africa ndi DR Congo. Malawi mulibemo.

Pamene pamapweteka ndi pa kawerengedwe ka mapointi. Kupambana m'ndime za chipulula, ngakhale mutathambitsa timu yotchuka bwanji, sikupatsa dziko pointi ndi imodzi yomwe. Kuwerenga kumayambira mu ndime ya m'magulu, momwe mumatsala matimu 16. Ku Champions League, timu yomwe yathera kunsonga kwa mchira m'gulu lake imabweretsa pointi imodzi, yotenga chikho imabweretsa 6. Mapointi a chaka chaposachedwa amawachulukitsa kasanu, a chaka cham'mbuyo mwake kanayi, kumatsika choncho mpaka afufutike. Simba ndi Yanga akamafika m'magulu chaka ndi chaka, amakhala akulimira Azam ndi matimu ena akwawo. Kwathu kuno nkhokweyo ndi yopanda kanthu.

Tsono tiyerekeze kuti pali timu pa Nsanama kapena pa Phalula yomwe ikulota zodzakwera ndege. Khomo loyamba, la ligi, ndi lakutali. Iyenera kuyambira mu ligi ya m'boma, ikwere kupita mu ligi ya chigawo, ikachoka kumeneko ilowe mu NBS Bank National Division League, yomwe bungwe la FAM lidayambitsa mu 2025 ndi matimu 12. Ntaja United ya ku Machinga idali m'gulu la matimu oyamba kusewera mu ligi imeneyi, ndiye kuti sitepe imodzi yokha pansi pa Super League. Ikalowa mu Super League, iyenera kuposa matimu ena 15 pa masewero 30, kuphatikizapo Maule (Bullets), Manoma (Mighty Wanderers) ndi ma Banker (Silver Strikers), omwe akhala akungolandirana chikho cha ligi kwa zaka zambiri. Pa sitepe iliyonse pamapita chaka chathunthu, ikakhala kuti timuyo sinapunthwe paliponse.

Khomo lachiwiri ndi lachidule, ndipo ndi lomwe anthu a m'maboma ayenera kuliyang'anitsitsa. Castel Challenge Cup, chikho chomwe chidayamba mu 2023 ndipo ochemerera amachitcha Ibongetse, chimayambira m'maboma momwemo. Timu ya pa Balaka ikamapambana ndime ndi ndime imatha kukumana ndi matimu a mu Super League m'chaka chimodzi chomwecho. Mighty Wanderers idatenga chikhochi cha 2024, ndipo mu September 2025 idaimira dziko lino mu Confederation Cup, komwe idatulutsidwa ndi Jwaneng Galaxy ya ku Botswana. Papepala, palibe lamulo loletsa timu ya kumudzi kuyenda njira yomweyo.

Koma kutenga chikho ndi kwina, kuloledwa kusewera ndi kwinanso. CAF imafuna kuti timu ikhale ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chili ndi zoyenereza zomwe zingagwetse ulesi matimu ambiri a mu Super League momwe. Pamafunika mphunzitsi wa satifiketi ya CAF A, matimu a achisodzera, mabuku a zachuma owunikidwa ndi akatswiri, ofesi yodziwika, komanso umboni woti timuyo ilibe ngongole za malipiro a osewera. M'zaka zaposachedwapa adaonjezera kuti timu ya abambo ikhalenso ndi timu ya amayi. Lamulo lomalizali ine ndimaliona ngati lanzeru kuposa onse, poti dziko lomwe lidabereka Tabitha ndi Temwa Chawinga silimayenera kudikira kukakamizidwa.

Ndiye pali nkhani ya bwalo. Balaka Stadium idalandirapo masewero a Super League pamene Red Lions ya ku Zomba inkaigwiritsa ntchito ngati pakhomo pake, ndipo anthu a pa Balaka adaonerapo matimu akuluakulu osakwera basi. Koma mlingo wa CAF ndi wina. Kamuzu Stadium ya ku Blantyre idakanidwa, moti Bullets yakhala ikukalandirira alendo ake ku Bingu National Stadium ku Lilongwe. Timu ya ku Machinga itati yachita mwayi, masewero ake a pakhomo angakhale a ulendo wodzera pa Chingeni, pa Ntcheu ndi pa Dedza, masapota ake ataunjikana m'malole.

Ndalama ndiye mutu wa zonse. Matikiti a ndege a anthu pafupifupi 30, malo ogona, chakudya, zonsezi zimalipidwa m'ndalama zakunja zomwe dziko lino zimalisowa. N'chifukwa chake zaka zina akatswiri athu ankangokhala osalembetsa, mpando wa Malawi n'kukhala wopanda munthu. CAF idayamba kupereka 50,000 dollars kwa timu iliyonse ya m'ndime za chipulula mu 2024, ndipo chaka chotsatira idakweza kufika pa 100,000 dollars. Ndi chithandizo ndithu, koma ndalama zenizeni zili m'magulu.

Palinso vuto lina lomwe silikambidwa kawirikawiri, la kalendala. Mu 2024 ligi yathu idatha mu December, pamene mpikisano wa CAF umayamba cha mu August kapena September. Silver Strikers idatenga ligi ya 2024 ili m'manja mwa Peter Mponda, koma pofika nthawi yokasewera Champions League mu September 2025, mphunzitsiyo adali atapita kale ku Bullets. Miyezi isanu ndi inayi ndi yambiri mu mpira: osewera amagulidwa, ena amavulala. Ngakhale zidali choncho, ma Banker adatulutsa Elgeco Plus ya ku Madagascar, kenako adachinya Yanga 1-0 pa Bingu, koma adakagonja 2-0 ku Dar es Salaam. Adatsala pang'ono. Bullets nayo mu 2023 idafika pa ndime yomweyo itatulutsa Dragon ya ku Equatorial Guinea, koma idakumana ndi TP Mazembe.

Timu ya ku Malawi idalowapo m'magulu a Champions League kamodzi kokha, mu 2004, ndipo nkhani imeneyo ili ndi fungo la ku Machinga. Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma ku Ntaja yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko, adatenga udindo wothandiza Bullets, timuyo n'kusintha dzina kukhala Bakili Bullets. Ndalama zitapezeka, mphunzitsi Kinnah Phiri adasonkhanitsa osewera abwino a m'dziko muno, ndipo anyamatawo adatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa. M'gulu lawo mudali Africa Sports ya ku Ivory Coast, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Enyimba ya ku Nigeria. Matimu awiri omalizawa ndiwo adadzakumana mu fainolo ya chaka chimenecho, Enyimba n'kutenga chikho. Thandizo la Muluzi litaphwa, timu ija idabalalika, ndipo mapointi a 2004 adafufutika patatha zaka zisanu popanda timu ina yoonjezerapo.